Chithunzi Chodinda Chikayamba Kuwonongeka pa Khoma: Chizindikiro, Gwero Lake ndi Chochita

Mvula ikafika pachimake, cha mu Januwale kapena Febuluwale, funso limabwera lomwelomwelo: "Chithunzi changa chachita mawanga m'kati mwa galasi, ndipukute ndi chiyani?" Kukazizira mu Juni ndi Julayi, chiperoni chitakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, funsolo limasintha pang'ono, munthu amati pepala lachita mafunde. Yankho langa loyamba silisintha: musapukute, musasite, musamate. Zithunzi zambiri zimene ndaziona zitatheratu sizinaphedwe ndi nkhungu kapena dzuwa, zinaphedwa ndi mwiniwake pofuna kuzikonza.

Ndikunena za zithunzi zaluso zodindidwa pa pepala, zopachikidwa m'felemu. Kawirikawiri vuto silikhala m'chithunzimo. Limakhala pa khoma limene chapachikidwa, kapena m'zinthu zimene wokonza felemu anaika kumbuyo kwake. Choncho kufufuza kulikonse m'munsimu kuyambire potsitsa chithunzicho, kuchigoneka chafufumimba pa nsalu yoyera, n'kuyang'ana kumbuyo.

## Poyamba dziwani chimene muli nacho

Chithandizo chimadalira mmene chithunzicho chinadindidwira. Tengani galasi lokuzira zinthu, kapena kuzani ndi kamera ya foni, muyang'ane pamene pali mtundu wopepuka.

- Woodcut ndi linocut. Waluso amasema thabwa kapena linoleum (chinthu chofewerapo chonga choyala pansi m'nyumba), kupaka inki pamwamba potsalapo, n'kudinda ngati chidindo cha ku ofesi. M'mphepete mwa mizere inki imaoneka yokankhika pang'ono, ndipo kumbuyo kwa pepala mumatha kumva potumphuka.
- Etching, engraving, drypoint ndi aquatint. Mizere imakumbidwa pa chitsulo cha mkuwa kapena zinki, inki imalowa m'timingalande timeneto, ndipo pepala lonyowa limapanikizidwa mwamphamvu kuti liitole. Inki imakhala yotukuka pamwamba pa pepala, ndipo kuzungulira chithunzi pamakhala mzere wolowa m'kati wosonyeza pamene chitsulo chinathera.
- Lithograph. Njira imene Alois Senefelder anatulukira ku Germany mu 1796, yodalira kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Chithunzi chimakhala chosalala, chooneka ngati chojambulidwa ndi choko chamafuta.
- Screenprint. Utoto umakankhidwa kudutsa pa nsalu ya timabowo, mtundu umodzi pa nthawi. Mitundu imakhala yokhuthala, yofanana ponseponse, ndipo imakalika msanga.
- Giclée. Dzina lokoma la chithunzi chotuluka m'makina opopera inki, lomwe linayamba kugwiritsidwa ntchito cha mu 1991. Mukakuza mumaona timadontho tomwazika mosatsata dongosolo.
- Positala ya ku fakitale. Timadontho ta mitundu 4, tondandalikana bwinobwino ngati timaluwa. Kalendala, magazini ndi zithunzi zambiri za pamsika ndi zimenezi.

Ngati chanu ndi positala, yesani chilichonse chimene mukufuna, chikawonongeka mugula china. Ngati chili ndi siginecha ya pensulo ndi nambala m'munsi, werengani bwino machenjezo onse musanachigwire.

## Chizindikiro 1: Nkhungu, kapena fungo la m'kabati yotsekedwa

Ili ndiye vuto lalikulu kwathu kuno, ndipo ndi lofunika changu, chifukwa nkhungu, imene ena amati chuku, imadya pepala ikamakula. Imaoneka ngati ubweya woyera, wotuwa kapena wobiriwira pa pepala, pa galasi m'kati, kapena pa thabwa lakumbuyo.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Khoma lonyowa. Khoma lakunja lomenyedwa ndi mvula, khoma logundana ndi bafa, kapena nyumba yomwe chinyontho chimakwera kuchokera pa maziko. Nyumba yongomangidwa kumene nayonso pulasitala wake amatulutsa madzi kwa miyezi.
2. Felemu yomatirira ku khoma, mphepo yosadutsa kumbuyo.
3. Chipinda chotsekedwa nthawi yaitali, monga pabalaza pamene pamatsegulidwa alendo akabwera basi, kapena nyumba yomwe eni ake ali ku Johannesburg.
4. Malata odontha, madzi n'kumatsetsereka pa khoma usiku osaonedwa.
5. Chithunzi chinatsekeredwa m'felemu chili chonyowa kale.

Kuti mudziwe ngati khoma ndilo lolakwa, matani pulasitiki ya masentimita 30 mbali zonse pa khomalo, mutseke m'mphepete monse ndi tepi, muisiye masiku 2. Mukapeza thukuta kunsi kwa pulasitiki, madzi akuchokera m'khoma. Likakhala pamwamba, ndi mpweya wa m'chipindamo. Kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, kamathandizanso: chinyezi chikamakhala pamwamba pa 65 peresenti masiku ambiri, nkhungu yapeza mudzi. Pepala limakhala bwino pakati pa 40 ndi 55 peresenti.

Chochita:

- Tulutsani chithunzi panja, pamthunzi, tsiku lopanda mvula. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa. Amene ali ndi mphumu asagwire ntchito imeneyi.
- Tsegulani felemu kumbuyo, musolole pepala ndi manja osamba ndi ouma, mwaligwira ndi manja onse awiri.
- Ligonekeni chagada pa pepala loyera kapena nsalu ya thonje, pamalo podutsa mphepo, kwa masiku 2 kapena 3. Padzuwa ayi.
- Nkhungu ikauma imasanduka ufa. Pamenepo mukhoza kuisesa ndi burashi yofewa kwambiri, kumbuyo ndi m'mphepete mopanda inki mokha. Ikamapakika mukaikhudza, idakali yamoyo, isiyeni iume.
- Thabwa lakumbuyo ndi katoni zonse zomwe zinachita nkhungu zitayidwe. Galasi litsukidwe ndi kuuma bwino. Felemu ipukutidwe ndi sipiriti.
- Pobwezera, matani tizidutswa ta labala pa ngodya ziwiri zam'munsi kumbuyo kwa felemu, kuti pakhale mpata wa theka la sentimita kapena kupitirirapo. Ndipo lisakhale khoma lomwe lija.

Lekani, funani katswiri wosamala mapepala ngati nkhungu yamera pa inki penipeni, ngati pepala lafewa ngati thonje, kapena ngati yasiya mawanga akuda, ofiirira kapena apinki. Jik, viniga, sipiriti ndi mandimu zisayandikire pepala. Jik imayeretsadi banga lero, koma imawotcha ulusi wa pepala, ndipo pakapita nthawi malowo amafumbutuka.

## Chizindikiro 2: Timawanga tofiirira tomwazika ngati dzimbiri

Timeneti si ubweya, sitichoka mukapukuta, tili m'kati mwa pepala. Akatswiri amatitcha foxing. Timachokera ku nkhungu yaing'ono yosaoneka, kapena ku tizitsulo tosaoneka ndi maso tomwe tinalowa m'pepala popangidwa, tikachita dzimbiri. Zonse ziwiri zimadzutsidwa ndi chinyontho.

Kunyumba simungatichotse. Chimene mungathe n'kutiletsa kuchuluka: sinthani katoni yakumbuyo, sunthirani chithunzi pa khoma louma la m'kati mwa nyumba, mujambule ndi foni lero kuti mudzafananize pakatha miyezi 6. Katswiri wosamala mapepala amatha kutichepetsa potsuka pepalalo m'njira yake. Kunena zoona, pa etching yakale timawanga tiwiri titatu m'mphepete sitichotsa ulemu wake, ine ndimangotisiya.

## Chizindikiro 3: Pepala lachita mafunde

Pepala limamwa chinyezi n'kutambasuka, likauma limabwerera. Likasowa kotambasukira limakwinyika.

1. Linamatidwa mbali zonse zinayi. Ichi ndicho chofala. Chizindikiro chake ndi makwinya ochokera m'ngodya kapena m'mphepete momwe muli tepi.
2. Felemu yathina. Pepala lagunda matabwa. Payenera kutsala mpata wa mamilimita pafupifupi 3 mbali iliyonse.
3. Kusinthasintha kwa nyengo m'chipinda, makamaka pafupi ndi khitchini, bafa, kapena pansi pa malata opanda siling'i pamene masana kumatentha usiku n'kuzizira.
4. Linanyowapo kale. Yang'anani mzere wofiirira wokhotakhota ngati gombe la nyanja.
5. Ndi chibadwa chake. Pepala lopangidwa pamanja, lodindidwa lili lonyowa monga la etching, silikhala lathyathyathya ngati galasi. Funde lofatsa limodzi si matenda.

Kapachikidwe koyenera n'kakuti pepala lilendewere kuchokera pamwamba pokha, pa timahinji tiwiri ta pepala lopyapyala la ku Japan tomatidwa ndi phala la sitachi ya tirigu, lomwe limamatuka ndi chinyezi pang'ono osasiya banga. Ngati zimenezi simungazipeze, gwiritsani timatumba ta m'ngodya tonga ta m'ma alubamu akale: timagwira pepala popanda guluu kulikhudza.

Ngati mafunde ndi ochepa, masulani pepalalo, liikeni pakati pa mapepala oyera okhuthala, musanjike thabwa losalala ndi mabuku angapo pamwamba, mudikire milungu 2. Pa etching musalemeze kwambiri, mungafafanize mzere wa chitsulo uja. Chithunzi chobwera chokulungidwa m'chubu kuchokera ku London kapena Cape Town chisiyeni chimasuke chokha tsiku limodzi kapena awiri. Mukachikakamiza, utoto wokhuthala wa screenprint umang'aluka, ndipo mng'alu umenewo subwerera.

Zitatu izi musalole, ngakhale wokonza felemu atakuuzani kuti ndi mmene amachitira masiku onse: kusita ndi simbi, kumata pepala lonse pa thabwa ndi guluu, ndi kulamineta. Kulamineta n'kwa chiphaso cha kuntchito. Pulasitiki imeneyo ikagwira chithunzi chosainidwa, mtengo wake watha pomwepo.

## Chizindikiro 4: Mitundu yasuluka

Mwaonapo zithunzi za masitayelo a tsitsi pa zenera la malo ometera, zonse zitasanduka zobiriwira mopita ku buluu? Kumeneko ndi kuwala kutadya inki yachikasu ndi yofiira, n'kusiya yabuluu ndi yakuda zomwe zimalimbako. Pabalaza panu zimachitikanso, pang'onopang'ono.

1. Dzuwa lolowa pa zenera, ngakhale la ola limodzi m'mawa uliwonse.
2. Kuwala kwa masana kochuluka m'chipinda cha mazenera akuluakulu, ngakhale dzuwa silikugunda chithunzicho.
3. Magetsi a machubu aataliatali, omwe amatulutsa kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso koma kosulutsa mitundu. Mababu a LED amatulutsa kochepa kwambiri.
4. Inki yosalimba. Giclée yodindidwa ndi inki ya dye (ya utoto wosungunuka) imasuluka msanga kuposa ya pigment (ya tiufa ta mtundu). Zithunzi zakale za ku Japan zodindidwa ndi matabwa zili ndi mitundu yochokera ku zomera, yofiira ndi yapepo, yomwe imathawa kuwala kwambiri.

Pofufuza, tukulani pang'ono katoni yokhala ndi zenera imene imazungulira chithunzi, imene okonza mafelemu amaitcha mount. Ngati mtundu wobisika kunsi kwake ndi wowala kuposa woonekera, chasuluka.

Mankhwala palibe. Mtundu wopita wapita, ndipo katswiri aliyense woona mtima adzakuuzani chimodzimodzi. Musalole munthu kupakamo utoto kuti "audzutse". Chotsala n'kupulumutsa zomwe zilipo. Nyumba zosungira zaluso zimaonetsa zithunzi za pa pepala pa kuwala kwa 50 lux, komwe ndi kochepa ngati kwa chisisira, ndipo zikakhala miyezi ingapo amazibwezera mu mdima. Kunyumba simungakhale mu mdima chifukwa cha chithunzi, koma mukhoza kusankha malo mwanzeru. Pa khoma lowala ikanipo linocut ya inki yakuda, chifukwa inki yakuda ya mwaye ndiyo yolimba koposa, kapena positala yomwe simungailire. Zamitundu zipite m'kakhonde ka m'kati kapena ku khoma losayang'anana ndi zenera. Galasi lotchinga UV limathandiza, labwino limatchinga mpaka 99 peresenti, koma kuwala wamba nakonso kumasulutsa, choncho si chilolezo chopachika chithunzi padzuwa.

## Chizindikiro 5: Pepala lathimbirira, lachita chikasu kapena lofiirira

Apa maonekedwe a banga ndiwo amaulula wolakwa.

- Mzere wofiirira wowongoka, wotsata zenera la mount. Mount ndi ya katoni wamba yokhala ndi asidi. Yang'anani podulidwa pake mopendekeka: ya thonje pamakhalabe poyera, yotchipa pamasanduka ngati tiyi.
- Mizeremizere yofanana kumbuyo konse. Anaika katoni ya m'sitolo, ija ya malata m'kati.
- Zithunzi za mfundo za mtengo kapena banga lalikulu. Pepala lagona pa thabwa, plywood kapena hardboard popanda chotchinga.
- Timabokosi tachikasu toonekera mbali zonse ngati mafuta. Selotepi kapena masking tape. Guluu wake amalowa m'pepala.
- Chikasu ponseponse ndi fungo. Utsi wa mbaula, koloboyi, makandulo kapena fodya. Kumbuyo kwa felemu sikunatsekedwe.
- Chikasu poonekera pokha, kunsi kwa mount kuli koyera. Pepala lenilenilo ndi lotchipa, la mtengo wopera ngati la nyuzipepala, ndipo kuwala kukulipsereza.

Kukonza kwake ndi kumodzi: chotsani chomwe chikuwotcha pepalalo. Pemphani mount ndi katoni yakumbuyo zopanda asidi, makamaka za thonje 100 peresenti. Zikasowa, gulani pepala labwino la thonje lojambulapo ndi utoto wamadzi, muliike pakati pa chithunzi ndi thabwa lakumbuyo. Silingafanane ndi katoni yeniyeni, komabe limatchinga, ndipo mukhoza kulisintha pakapita zaka zingapo. Kenako tsekani mpata wa kumbuyo kwa felemu ndi tepi ya pepala kuti utsi ndi fumbi zisalowe.

Lekani pa nkhani ya selotepi. Ngati yauma yokha n'kugwa, chabwino. Ngati idakagwira, musaikoke, imachoka ndi khungu la pepala. Dulani mbali yomwe yagwira katoni, yotsala pa chithunzi muisiyire katswiri. Musadulenso m'mphepete mwa pepala kuti banga lichoke kapena kuti likwane m'felemu yomwe muli nayo. M'mphepetemo ndimo muli siginecha ndi nambala, ndipo ogula amayeza.

## Chizindikiro 6: Chamatirira ku galasi

Chimachitika ngati chithunzi chinaikidwa chogunda galasi popanda mount. Galasi likachita thukuta m'kati, inki kapena pamwamba pa pepala pamafewa n'kugwira. Choyambitsa chachiwiri ndi ukhondo: kupopera mankhwala otsukira pa galasi lili pa khoma, madzi n'kutsetsereka kulowa m'munsi mwa felemu. Poperani pa nsalu, osati pa galasi.

Chikamatirira musakoke, musalowetse mpeni, musachinyike m'madzi. Chijambuleni bwino ndi kamera chili pomwepo, kenako mupite nacho kwa katswiri pamodzi ndi galasi lakelo.

Pali china chofanana nacho chomwe sichoopsa. Mukatsegula felemu yakale mukhoza kupeza chithunzithunzi chotuwa cha chithunzicho pa galasi m'kati, pepala losagunda n'komwe. Ndi mafuta a mu inki omwe amauluka pang'onopang'ono. Tsukani galasi, basi.

## Chizindikiro 7: Tizilombo

- Pamwamba pa pepala papalidwa, ngati wina wakanda mosalongosoka: tizilombo totuwa ngati siliva, tothamanga, tija mumatipeza m'mabuku akale. Timakonda sitachi ndi malo achinyontho.
- M'mphepete mwadyedwa, pali timadontho takuda: mphemvu.
- Dothi kumbuyo kwa felemu, kanjira kokwera khoma: chiswe. Chotsani chithunzi lero lomwe, chiswe sichidikira Loweruka.
- Ufa wa mtengo pansi pa felemu ndi timabowo tozungulira: felemu yafumbwa. Sinthani felemu.

Mankhwala opopera apite ku khoma ndi kuchipinda, chithunzi chili kwina. Pa pepala amasiya mafuta. Mukatha, tsekani kumbuyo konse ndi tepi ya pepala, ndipo muzitsitsa zithunzi zonse kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi ikangotha, kuona kumbuyo.

## Chizindikiro 8: "Ndikukayika ngati n'chenicheni"

Ili si vuto la khoma, koma limabwera kawirikawiri, makamaka munthu akagula paulendo.

Nambala ngati 12/50 ikutanthauza kuti chanu ndi cha 12 mwa 50 zimene zinadindidwa. Sizitanthauza kuti cha 1 n'chabwino kuposa cha 40. Zilembo A/P ndi za zochepa zomwe waluso amasunga pambali pa nambalazo. Siginecha imalembedwa ndi pensulo, m'munsi mwa chithunzi. Ikuzeni: ikakhala ya timadontho, inadindidwa pamodzi ndi chithunzi, ndiye kuti muli ndi kope. Ngati akuti ndi linocut kapena etching koma mukuona timaluwa ta madontho 4 tija, ndi kope ndithu, kaya pepalalo ndi lokhuthala chotani.

Zina zimene anthu amadandaula nazo si zolakwika konse. M'mphepete mwa pepala mosadulidwa bwino, mokhala ngati mong'ambika, ndi mmene pepala labwino limathera. Timalo toyera m'kati mwa inki yakuda ya linocut, mizere ya mtengo yooneka mu woodcut, mitundu iwiri yolumphana pang'ono mu screenprint, zonsezo ndi mapazi a dzanja la munthu.

Kum'mwera kwa Africa kuno luso limeneli lili ndi mbiri yake. Sukulu ya zaluso ya ku Rorke's Drift ku KwaZulu-Natal, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1960, inatulutsa akatswiri a linocut monga Azaria Mbatha ndi John Muafangejo wa ku Namibia, amene anamwalira mu 1987. Ku Johannesburg kuli Artist Proof Studio, yomwe Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anayambitsa mu 1991. Ngati chithunzi chimene achimwene anabwera nacho kuchokera ku Joni zaka zapitazo chili ndi dzina lotere lolembedwa ndi pensulo, musachitsegule n'komwe musanafunse odziwa.

## Nthawi yoleka ndi kufunsa katswiri

- Pepala lang'ambika, lafewa, kapena likuthetheka mukaligwira.
- Inki ikusendeka kapena ikuyoyoka.
- Chanyowa ndi madzi a denga kapena osefukira. Chigonekeni chagada pa thaulo loyera, muchotse galasi ngati silinagwire, chiume pamthunzi, zina zonse musiye.
- Galasi lasweka ndipo zidutswa zili pa pepala. Musapendeketse felemu.
- Chinamatidwa chonse pa thabwa.
- N'chosainidwa ndi waluso wodziwika, kapena n'cha malemu ndipo china sichingapezeke.

Wokonza mafelemu ndi katswiri wosamala mapepala ndi anthu awiri osiyana. Woyambayo amadula matabwa ndi galasi, wachiwiriyo amachiza pepala. Kuti mupeze wachiwiriyo, yambani kufunsa kumene amasunga mapepala akale, monga ku National Archives ku Zomba, ku Museum ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ku Livingstone Museum kwa amene muli ku Zambia, akulozereni. Aliyense amene mwamupeza mufunseni chimene adzagwiritse ntchito, ndiponso ngati chimenecho chingadzachotsedwe mtsogolo popanda kuwononga pepala. Akatchula Jik, guluu wa matabwa kapena makina olaminetera, nyamulani chithunzi chanu.

Podikira, chisungeni chogona, pakati pa mapepala awiri oyera opanda zolemba, m'kabati ya m'chipinda chouma, pa shelefu yam'mwamba. Musachiike m'thumba la pulasitiki chisanaume, ndipo pansi pa matiresi ayi.